Kakapu Kachitatu

Lachiwiri, 4 Malichi

Tabwerako kuchipatala. Mtima wa bambo a Peishan ukugunda mosokonekera, magazinso akuthamanga kwambiri. Dokotala, kamtsikana ka msinkhu wa Peishan wathu, anafunsa kuti amamwa tiyi wochuluka bwanji. Iwo: "Timakapu tathu n'tating'ono, mwanangu, ngati chikhokhombe cha dzira." Ndinawayankhira ine. Kuyambira m'mawa mpaka kokagona, tiyi wakuda bii, masamba odzaza m'kamphika mpaka chivindikiro kukana kutseka. Dokotala akuti kafeini wa mu tiyi ambiri sawavuta, koma mtima ngati uwu ayi. Kapu imodzi m'mawa, tiyi wake wopepuka, basi. Njira yonse sanandiyankhule.

Lachisanu, 7 Malichi

Thireyi ya tiyi ndaibisa pamwamba pa kabati. Anzawo atatu aja, a Weng, a Zhuang ndi a Qiu, anabwera monga mwa masiku onse pakhomo pa shopu yathu yakale ya njinga. Ndinawapatsa madzi otentha ndi mtedza. A Weng: "Alamu, mwatigoneka m'chipatala tonse?" Sanakhalitse. Manyazi anandigwira. Kuno ku Chaozhou mlendo osam'patsa tiyi ndiye kuti wam'thamangitsa.

Lachinayi, 13 Malichi

Pakhomo zii. Anzawo aja akuti akukamwera kwa wometa tsitsi. Akuluwa, amuna anga, angokhala pampando, manja pamaondo, kuyang'ana njinga zamoto zikudutsa. Phala la mpunga asiya theka. Kuthamanga kwa magazi kwatsika, inde. Koma munthuyo akutha ine ndikuona. Peishan pafoni ali ku Shenzhen: "Amayi, musagonje." Kuyankhula n'kosavuta uli kutali. Ndagwira njakata.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinapita kwa wometa uja, m'kati mwa amuna okhaokha. Ndinawachonderera anzawo aja kuti abwerere, koma atatu onse pamodzi. Timakapu pathireyi ndi titatu basi, kaya anthu achuluke bwanji, ndipo wothira samwa ulendo woyamba. Vuto ndi maulendo otsatira, zokankhirana zija: imwani inu, ayi imwani inu akulu. Ndinati zimenezo zithe. Aliyense atole kake msanga, wothirayo, mwamuna wanga, asam'siyireko. A Weng anaseka mpaka kutsokomola: "Ndiye kuti tisanduke anthu opanda mwambo kuti nkhalambayo isafe?" Ndinati eya.

Lolemba, 17 Malichi

Zatheka! Abwera onse atatu, thireyi yatsika pakabati. Manja a akuluwa aja, kutsuka timakapu m'madzi owira ndi nsonga za zala, kuthira mozungulira, madontho otsiriza kugawa mofanana. Asanaike n'komwe kamphika pansi, manja atatu psiti! Timakapu mbee. Iwo: "Agalu inu, anakulerani ndani?" Akuseka. Adziwa, koma sanena. Amangonunkhiza chivindikiro, atatsinzina. Madzulo mpunga mbale ziwiri, nsomba yonse. Ndinakalirira kukhitchini, chitsiru ine.

Lamulungu, 6 Epulo

A Weng anagwa m'bafa Lachisanu. Akuti mtsempha wa m'mutu. Dzanja lamanja lafa, mawu sakumveka. Kaya ndi fodya wawo uja, kaya mchere, madokotala adziwa. Tinakawaona. Bambo a Peishan anangogwira dzanja lakufalo. Pobwerera anaima kawiri pamasitepe, dzanja pachifuwa. Ndikuopa. Kunena zoona ndikuopa kwambiri.

Lachitatu, 9 Epulo

Abwera awiri. Akuluwa anathira timakapu tonse titatu, manja anazolowera. A Zhuang anatenga kawo, a Qiu kawo. Kachitatu kali pomwepo, kakufuka nthunzi. Onse maso pansi, palibe wolimba mtima kumwa kachiwiri gawo la a Weng. Alendo akakhala awiri kotsalako n'ka wothira, ndipo ndinaona dzanja la akuluwa likusuntha.

Ndinasiya masamba a mpiru m'beseni, manja ali onyowa, n'kukhala pampando wa a Weng. Ndinamwa. Kuwawa kwake! Chikwatiwireni ndinali ndisanakhalepo pathireyi ya amunawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako akuluwa: "Mayi a Peishan, mukugwira kapu ngati ya mankhwala." Anatsuka timakapu, nathiranso. Ndinatolanso msanga. Mpaka masana.

Panopa mtima wanga ndi umene uli phaphapha ndi tiyi uja. Mawa abweranso awiri. Ndawauza kuti mpandowo asauchotse.