Maekala Atatu a Alamu

Lolemba, 13 Meyi
Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Tamale, munda wanga ukadali gwa. Ndi khasu sindingathe, msanawu wakana. Thirakitala yobwereka pafoni ija imabwera pokhapokha alimi oyandikana akaphatikiza maekala makumi awiri. Ife tapelewera atatu. Mtedza ndidzala chaka chino, zivute zitani.

Lachiwiri, 14 Meyi
Azara, mnzanga wogulitsa phala, akuti, "Sanatu, usazungulire. Atsala ndi alamu ako, a Ziblim." Zoona, atatuwo ali nawo. Koma chimwalirire bambo a ana sitilankhulana. Ankafuna munda uno, ine ndidakaniza.

Lachitatu, 15 Meyi
Ndinapita. Ndinanyonyomala kupereka moni, iwo n'kundisiya choncho mpaka miyendo dzanzi. Kenako, maso ali pa mbuzi zawo: "Mlamu, ndilembetseni. Koma iyambire kwanga."

Ndavomera. Zikundiwawa, sindinama. Nanga nditani, ine woti ngakhale tayala la thirakitala sindingagule?

Lachisanu, 17 Meyi
Uthenga pafoni: mawa!

Loweruka, 18 Meyi
Thirakitala inafika mochedwa. Inayamba kwa a Ziblim, kenako kwa Azara ndi enawo. Wanga poti uli kumapeto, ndinkangodikira. Dzuwa litapendeka, mphepo ya mvula ikuwomba, ndinangoona woyendetsa akukweza pulawo.

"Mayi, foni ikuti ndithamangire ku Savelugu. Kwanu sabata yamawa."

"Sabata yamawa? Amene ndinayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa anthuwa ndine!"

"Pepani mayi, si ine, ndi foni."

Ndinakwera pa pulawo n'kukhala. Ndinati ngati n'kupita ku Savelugu, tipitira limodzi, foniyo ikandiuze pamaso. Anthu kuseka. Azara akukuwa, "Tsika iwe, uthyoka!" Manyazi ndinali nawo, koma kutsika ayi.

Ndiye kunamveka njinga yamoto. A Ziblim. Mumtima ndinati basi, abwera kudzaonerera. Anaimika njinga ija chopingasa pakanjira kotulukira, n'kuzimitsa, kiyi m'thumba. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Iwe mnyamata, ana a mchimwene wanga adya chiyani chaka chino? Tembenuza chinthucho."

Woyendetsa anayang'ana foni, anayang'ana njinga. Kenako anati, "Mayi, tsikanitu, ndilima bwanji muli pamenepo?"

Ndinatsika. Pamene madontho oyamba amagwa n'kuti pulawo ili m'dothi langa.