Kalata Yomata ya ku Mpingo

Lolemba, 16 Sepitembala 1957

Sabata yachitatu kuno kwawo kwa Yunesi, pafupi ndi Sinda. Chichokereni ku Nyasalandi sindinagwirepo choko. Khasu lokha, m'manja matuza okhaokha. Ndine mkamwini, ndilibe podandaulira. Yunesi akuti auma. Mimba yake yakwana miyezi isanu.

A Samuel, atsibweni ake, abwera ndi nkhani. Pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Katete, mphunzitsi wa Chingelezi wa Sitandade 5 wasiya ntchito, chifuwa chachikulu. Ndachita manyazi ndi mmene mtima wanga wadumphira pa matenda a munthu.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Njinga yobwereka, fumbi mpaka m'mano. Mphunzitsi wamkulu ndi a Clement Mvula, munthu wofatsa. Anaona satifiketi yanga, nkundipatsa kalasi ola limodzi. Ana makumi anayi ndi atatu, mabuku asanu ndi anayi. Ndinatseka buku. Ndinati aliyense andiuze m'Chingelezi njira yochokera kwawo kufika kusukulu, chifukwa mwana amalankhula bwino zimene mapazi ake akuzidziwa kale. Mtsikana wina wakumbuyo anawoloka dambo lonse m'Chingelezi, nkugweramo, kalasi nkuseka, iyenso nkuseka. Fungo la choko m'zala mpaka tsopano.

A Mvula akuti malo ndi anga, kwatsala chimodzi: kalata yosamukira yochokera kumpingo wakwathu. Abusa oyang'anira masukulu salemba mphunzitsi popanda iyo. Ndinati ndiitanitsa. Sindinanene zambiri.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Ndilembe pano zimene sindinanene dzulo. Atate sanali Mkhristu, anali a gule. Atamwalira m'Meyi, zilombo zinabwera kudzavina pamaliro, monga mwa mwambo wawo. Mkhristu amayenera kuchoka gule akafika. Lamulolo ndinkalidziwa, ndinkaphunzitsanso ana. Sindinachoke. Ndinakhala pambali pa chitanda mpaka kumanda. Akulu a mpingo anandidula chaka chimodzi, ndipo mphunzitsi wodulidwa saima pamaso pa kalasi. Sindikuti analakwa. Ndikungoti anali atate anga.

Ndalembera akuluwo. Kalata yapita ndi wamalonda wodzera ku Vubwi.

Loweruka, 12 Okutobala

Yankho lafika. Lomata, chidindo kumbuyo, pamwamba dzina la abusa, osati langa. Zamkati ndikuzidziwa osatsegula.

A Samuel akuti ndinene kuti kalatayo inagwera mumtsinje. "Aphunzitsi, Chingelezi chonsechi, kabodza kamodzi kokha kakukukanikani?" Ndinayamba kuwafotokozera kuti m'Okutobala mitsinje ndi mchenga wokhawokha, komanso abusa angolembera kwathu, mlandu nkukhala iwiri. Anachoka ndisanamalize.

Yunesi wangochapa malaya anga oyera.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Abusa anaitsegula ndi kampeni, nkuiwerenga kawiri. Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndikulapa. Ndikanangoti inde, mwina zikanatheka, ndinaona pankhope pawo. Koma ine ndi chizolowezi changa, ndinayamba kufotokoza: kuti sindinavine, sindinaombe m'manja, kuti kwathu mwana woyamba sasiya mtembo wa atate ake m'manja mwa ena. Sindinalankhulepo Chingelezi chabwino ngati cha lero. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkupinda kalata ija. Akuti ndidzabwere chilango chikadzatha, ngati malo adzakhalepo.

Sadzakhalapo.

A Mvula anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Akuti ana akufunsabe za mphunzitsi wotseka buku uja. Bola akanapanda kundiuza.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndayesa sukulu zina ziwiri. Ina ndi ya mpingo wina, ikufuna munthu wawo. Inayo ndi yodzaza. Kutchalitchi benchi yakumbuyo, Mgonero wandidutsa.

Nkhokwe ya apongozi yatsika, ndipo ndikudziwa pakamwa pamene panaonjezeka. A Samuel sakunditchanso aphunzitsi. Lero atchula kawiri, osandiyang'ana, kuti lole ya olemba anthu a kumafamu a fodya ku Halale imaima pa Sinda Lachitatu lililonse.

Lachitatu, 6 Novembala

Pa Sinda, pansi pa mkuyu, kudikira lole. Mvula yoyamba inagwa dzulo, Yunesi akubzala yekha. Mabuku ndawasiya m'bokosi. Ndamuuza aziwatulutsa padzuwa chifukwa cha chiswe, iye nkuti ndamuuza kale katatu. Mwana adzabadwa ine kulibe.

Tilipo khumi ndi asanu ndi awiri. Anzanga onse adinda chala papepala la ntchito. Ine ndasaina, kalaliki nkundiyang'ana kawiri. Bambo wina wa imvi, a Dominic, wandifunsa kuti pepalalo likuti chiyani, poti wadinda osadziwa. Ndawerenga, ndamasulira pang'onopang'ono: chaka chathunthu, ndipo tsiku limene munthu wagona ndi matenda siliwerengedwa. Ena asendera pafupi. Ndatola kamtengo, ndalemba panthaka yonyowa mawu a Chingelezi onenera kuti ndikudwala, chifukwa kumeneko adzawafuna. Abwereza pambuyo panga onse pamodzi, amuna andevu, mofanana ndi Sitandade 5. A Dominic akutchula bwino kuposa onse. Ndawauza choncho, aseka, alibe mano akutsogolo.

Afunsa kuti mawa tiphunzira chiyani, aphunzitsi. Ndati manambala, kuti aliyense aziwerenga yekha masiku ake, kenako

Lole ikumveka.