Galimoto ya amayi Lucrécia

Gulu: Ulendo wa amayi
Benvinda, Zacarias, Enf. Judite (namwino)

Lachiwiri, 14 Junho 2016

Enf. Judite, 10:12
a professora bom dia. zotsatira za mayi anu a Lucrécia zabwera. ndi cancro, khansa ya khomo la chiberekero, monga tinkaopera. koma adokotala akuti akafika msanga ku Beira operação itheka

Enf. Judite, 10:13
a projecto yathu yothandiza odwala avomera kuwatenga. galimoto, bedi, chakudya, zonse ndi zawo

Benvinda, 10:21
ndili m'kalasi kuno ku Tsangano, ana akundidabwa ndikulira. Ambuye ndi wabwino mana Judite. mayi uja wa m'Malemba adataya magazi zaka zonse zija, koma tsiku lake lidakwana. la amayi nalonso lakwana

Enf. Judite, 10:30
amen. koma mumvetse. thandizo la kunja lomwe limayendetsa projecto likutha mwezi uno. uwu ndi ulendo womaliza wotenga odwala a kumidzi

Benvinda, 10:31
tsiku liti?

Enf. Judite, 10:33
sanena. chiyambire kuwomberana pamsewu amatiuza m'mawa womwewo. angokhala okonzeka

Benvinda, 10:34
achimwene Zacarias mwamva?

Benvinda, 12:02
achimwene

Zacarias, 13:45
ndamva mlongo. ndangokwera kumene pachulu cha kusukulu, ukudziwa kumudzi kulibe rede ya foni

Benvinda, 13:46
foni yanuyo ndi yoponda nayo mtedza basi

Zacarias, 13:50
udandigulira ndiwe. amayi asangalala, ayimba mpaka kutsokomola. akuti atenga nkhuku ya adokotala

Enf. Judite, 13:52
kkkk nkhuku isakwere chonde

Zacarias, 13:55
mukawauze nokha a enfermeira, ine ndalephera

Benvinda, 13:57
muzikwera pachulupo m'mawa uliwonse achimwene. fodya adikire

Zacarias, 13:58
tá bom, ndamva

Lachinayi, 16 Junho

Enf. Judite, 06:48
lero. tikunyamuka pa Furancungo pompano, kulowera ku Chidzolomondo

Enf. Judite, 06:51
chinthu chimodzi. lamulo latsopano la a projecto, sitiyenda tokha. atipatsa asilikali, galimoto yawo ili patsogolo. uzani a kumudzi asaope

Benvinda, 06:53
achimwene galimoto ikubwera LERO. ili ndi asilikali koma ndi yathu. musathawe

Benvinda, 06:54
Kuyimba kosayankhidwa

Benvinda, 07:20
Kuyimba kosayankhidwa

Benvinda, 07:41
ndayesa a Afonso a pagolosale, foni ndi yozima. Yesu wanga achimwene kwerani pachulu

Enf. Judite, 09:35
tafika. mudzi uli zii. zitseko zili pululu, ngakhale mwana palibe

Enf. Judite, 09:36
chikwama cha mayi chili pakhonde chomanga kale. nkhuku aimanga miyendo pambali pake

Benvinda, 09:37
athawira kuphiri. ndi momwe tinkachitira nkhondo yoyamba ija, injini ikangomveka aliyense kuthengo. itanani dzina lawo

Enf. Judite, 09:50
ndakuwa mpaka mawu atha. ndavala yoyera, ndayima poonekera. palibe

Benvinda, 09:51
pa tchalitchi pali chitsulo cha gudumu chopachika pamtengo. menyani chimenecho mosalekeza. amayi sanakanepo kuitana kwa chitsulo chija chibadwire changa

Enf. Judite, 10:25
dalaivala wamenya mpaka dzanja latupa

Enf. Judite, 11:10
mkulu wa asilikali akuti tizipita. tili ndi odwala ena atatu m'galimoto, tikachedwa coluna, mdipiti wa magalimoto opita ku Beira, itisiya

Benvinda, 11:11
mana ndagwira mwendo wanu. pang'ono pokha

Benvinda, 11:11
m'dzina la Yesu

Enf. Judite, 11:38
desculpa, pepani a professora. tanyamuka

Zacarias, 16:20
🎤 mawu 1:12
"Mlongo, ndaona mauthenga ako tsopano. Ndidakwera pachulu dzuwa lisanatuluke, panalibe kanthu, ndiye ndidapita kuchigafa. Titamva injini, a Jeremias oyandikana nafe adabwera akuthamanga, akukuwa kuti asilikali, asilikali. Ine ndidawabereka amayi kumsana mpaka kumapanga. Magazi adandinyowetsa malaya onse. Tili pamwamba, amayi adaona galimoto yoyera kumbuyo kwa ya asilikali, akuti, Zakaliya, ija ndi yanga, nditsitse. Ndidaimirira, mlongo. Ndidawanyamulanso kuti titsike. Pomwepo chitsulo chidalira."

Benvinda, 16:23
ndiye simudatsike bwanji?? ndidawauza ndine kuti amenye

Zacarias, 16:31
iwe sudziwa. chiyambirenso nkhondoyi tidapangana mudzi wonse. Lamulungu timaitana ndi ng'oma. chitsulo chikalira mosalekeza ndiye kuti wina watsala m'mudzi akutichenjeza, musabwere

Zacarias, 16:33
amayi atachimva adangoti, khala pansi mwanangu, usafere ine

Zacarias, 16:50
Benvinda?

Zacarias, 17:25
batire ikutha. nditsike

Lachisanu, 17 Junho

Benvinda, 05:58
mana Judite, galimoto singabwererenso? ngakhale popanda asilikali. ndipempha a director, ndikwere mota, njinga yamoto ija, ndikaidikire ndi amayi pakhonde

Enf. Judite, 14:05
ndalankhula ndi coordenador. nayenso walira. akuti galimoto ikabwerako ku Beira ikaperekedwa ku ofesi, mafuta atsekedwa kale

Benvinda, 14:07
nanga ife tokha? pa chapa, minibasi zija?

Enf. Judite, 14:15
machapa adasiya kulowa kwanuko. pamota sangakhale ndi magazi amenewo. ndipo bedi lawo ku Beira lapatsidwa mayi wina wa ku Angónia

Benvinda, 14:40
Mulungu amuchize mayi ameneyo. ndikunena ndi mtima wonse.

Enf. Judite, 14:44
a projecto apemphanso thandizo lina kunja. akayankha mwina chaka chamawa

Benvinda, 14:45
akadakhala mayi wa mumzinda akadangoyenda wapansi kukafika pachipatala

Enf. Judite, 14:52
ndikudziwa. ndatumiza mankhwala opha ululu ndi mphunzitsi wa kwanuko. ndi zomwe ndili nazo

Lamulungu, 19 Junho

Zacarias, 12:30
bwanji suyankha mlongo

Benvinda, 12:48
kutchalitchi lero ndalephera kuyimba. ndimatsegula pakamwa, ndimangomva chitsulo. ndidawatsekera njira ndine achimwene

Zacarias, 12:55
nanga ine amene ndidawathawitsa galimoto yawo ndi msana wangawu?

Zacarias, 13:02
🎤 mawu 0:39
"Benvinda, ndine mayi ako. Zakaliya akuti sukudya. Tamvera. Mlongo wako adandibereka chifukwa amandikonda. Iwe udaliza chitsulo chifukwa umandikonda. Ndi angati amadwala ali ndi ana otere? Amene adandiwolotsa pa nkhondo yoyamba, iwe uli kumsana, sadandisiye pakati pa madzi. Sandisiya lero. Idya, wamva? Ukawonda ana a sukulu akuseka."

Benvinda, 13:05
mwawakweza pachulu??

Zacarias, 13:06
adakakamira. pa wilibala

Benvinda, 13:20
auzeni ndadya

Lachitatu, 20 Julho

Benvinda, 07:15
achimwene sabata yonse zii. ali bwanji?

Benvinda, 12:10
mana Judite pali nkhani ya projecto?

Enf. Judite, 12:40
ofesi adatseka. chikwangwani chokha chatsala pakhomo

Zacarias, 15:05
phala akukana. mankhwala sakugwiranso. azimayi a chigwirizano akusinthana kukhala nawo, akuwayimbira

Benvinda, 15:06
férias, tchuthi cha sukulu, ziyamba posachedwa. ndibwera ndi mankhwala ena amphamvu, mana Judite andithandiza

Zacarias, 15:14
akuti usavutike ndi mankhwala. usadikirenso férias

Zacarias, 15:16
akuti bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano, ija udatenga kuti telala wa ku Tsangano akonze kolala. ubwere nayo. ndi mpango wake. akufuna adzapite atavala zimenezo

Benvinda, 15:17
ayi achimwene

Benvinda, 15:17
ayi

Zacarias, 15:21
akuti uisite bwino, iwe ndiwe umatha

Enf. Judite, 15:30
a professora, pali mota yonyamuka mawa m'mawa pamsika. ndamuuza mwini wake akudikireni

Benvinda, 16:48
makala a m'simbi agwira. ndikusita