Kapitawo wapulumuka mpeni

Amayi anga, kaya mukukhala bwanji komwe munapitako? Ife kuno kumalaini a esiteti tilipo. Nandolo kumunda wanu wa ku Thuchila wachita bwino chaka chino, koma kalongonda wandikana. Mng'ono wanga Lonesi anachira bwinobwino, mwana ndi wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija.

Nkhani yomwe yandigwiritsa cholembera ndi ya mbira zomwe munandisiyira. Mukuikumbukira yaimuna yamawanga ija munaitcha Kapitawo, poti inkangozungulira khola n'kumalamula zinzake ngati ili ndi anthu othyola tiyi? Chaka chatha inangosintha. Inasiya kulira kwake kokhala ngati njinga yamoto, inasiya kununkhiza zazikazi, ndipo tiana taamuna tikaiputa inkangoyang'ana kumbali. Kudya inkadya, kunenepa inkanenepa, koma tsiku lonse ili phee pakona. Miyezi isanu ndi iwiri inatha m'khola musanabadwe kanthu.

Apongozi anu, bambo a Esinati, anati yakalamba, tiidye tigule ina. Mpeni ananola ndithu. Ine ndinakana, koma ndinalibe chifukwa chomveka, kupatula kuti ndi yomaliza mwa zomwe munazigwira ndi manja anu. Anandipatsa mpaka Khirisimasi. Amayi, mtima unkandiwawa, ndinkaona ngati ndikukuikaninso m'manda kachiwiri.

Esinati, mdzukulu wanu uja akuphunzira zaulimi ku Lilongwe, atabwera kutchuthi anaima pakhola nthawi yaitali. Sanayang'ane mbira, anayang'ana chomwera madzi. Apa ndiye ndiulule. Phale lanu lija litasweka, ndinadula pakati chigubu chomwe munali mankhwala ophera udzu. Ndinachitsuka ndi phulusa ndi sopo mpaka fungo linatha, n'kumaikamo madzi ndi gaga. Udzu nawo ndinasiya kukamweta kudambo, ndinkangozula m'mphepete mwa munda wa tiyi poweruka, momwe amapoperamo. Ulesi, Amayi, palibenso dzina lina.

Mwanayo anandifotokozera kuti m'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni, tomwe timauza nyama yaimuna nthawi yolusa, yofunsira ndi yocheza ndi zinzake. Akuti mankhwala ena akalowa m'thupi pang'onopang'ono sapha ayi, koma amanamizira timadziti kapena kutitsekera njira, ndipo anthu ophunzira anaziona pa mbewa zazimuna zomwe amaweta kuti aziyesera. Anandiuza poyera kuti sangalumbire kuti vuto ndi lomwelo, poti alibe choyezera, koma tiyese kusintha. Ine manyazi anandigwira, chifukwa ndinamva mawu anu aja: "Mbale yomwe iwe sungadyeremo, chiweto usachipatsiremo." Inu mahomoni simunkawadziwa, koma chigubu chimenecho mukanandiponyera nacho kumsana.

Chigubucho tinachiboola n'kuchikwirira kutali ndi chitsime. Ndinagula kamphika kadothi pamsika, ndipo ndinayambanso kutsika kudambo ndi chikwakwa, mawondo akudandaula. Mwezi woyamba panalibe chosintha. Wachiwiri uli pakati, ndikutsuka mbale m'mawa, ndinamva phokoso m'khola. Kapitawo anali atathamangitsa yaimuna inzake mpaka kubisala kuseri kwa njerwa, iye akugwedeza matako kuzungulira yaikazi yoyera. Ndinaseka ndekha mpaka mayi woyandikana nane anasuzumira pawindo.

Lachiwiri lapitali kwabadwa tiana titatu, ndipo tiwiri tili ndi mawanga a bambo wawo. Bambo a Esinati anatiyang'ana, anakanda m'mutu, n'kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti mbirayo ndi yamphamvu.

Mtima wanga wakhala pansi, Amayi. Chomwe chimandiopsa ndikaganiza n'chakuti ikanaphedwa chifukwa cha kulakwa kwanga, ine n'kudya nawo ndiwozo osadziwa. Ndikukulonjezani kuti Kapitawo sadzaona mpeni pakhomo pano. Adzafa yekha ndi ukalamba, ndipo ndidzamukwirira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Fanesi