Chifuwa cha Tisa

Mwana wanga Yohane,

Landirani moni, iwe ndi mpongozi wanga. Kuno ku Kabwata tili bwino, koma bondo langa likuwawabe.

Kalata yako yochokera ku Mauritius yafika. Masamba atatu onse ukungofunsa ngati musamukire kumapiri kozizira kapena kugombe kotentha. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, amayi ako ndi azakhali ako anakangana pa nkhaniyi mpaka tiyi anazizira. Wina akuti kugombe kuli udzudzu, wina akuti kumapiri zovala siziuma ndi mvula. Ine ndinatopa nawo.

Kodi nonsenu mwaiwala mphumu ya mwana wako Tisa? Ali kuno, Juni aliyense tinkathamangira naye kuchipatala, koma mu Okutobala ankasewera bwinobwino. Khalani kotenthako, ugule neti ya udzudzu. Usandilemberenso za mphepo. Undilembere mmene akupumira mwanayo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Tembo