Chithunzi Chimene Chinkatseka Zenera

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno mvula yagwa bwino. Chimanga chimene munadzala kuseri kwa bafa ku Kawale chinabereka ziwiriziwiri, koma adya ndi ena, chifukwa eni nyumba anatitulutsa ndipo tsopano tili ku Area 25. Akazi a achimwene a Fredi anachira, ndi mwana wamkazi, wolira mokweza ngati wolipidwa.

Ndili ndi nkhani yoti ndiulule. Mukukumbukira chithunzi chimene anakujambulani ndi penti a Armando, othawa nkhondo a ku Mozambique aja ankakhala m'kachipinda kathu? Inu munangoti, "Nkhope siidyedwa," n'kutsekera nacho zenera losweka. Zaka zisanu ndinkadzuka mukundiyang'ana, kuwala kwa dzuwa kukulowera m'mbali mwanu.

Posamuka, a Fredi anaitana bambo wa okushoni kuti agulitse katundu wotsala. Ine ndinali kuntchito ku Kanengo, kusankha fodya. Akuti bamboyo anabwera ndi tayi, anagogoda chithunzicho ndi chala ngati akugula vwende, n'kulemba kuti bolodi lakale. Munapita pamodzi ndi mbaula ndi mipando iwiri, amayi, pa mtengo wa nkhuku. Ine tsamba limodzi la fodya ndimalitembenuza uku ndi uku ndisanaliike pa mulu wake. Iye sanaone ngakhale dzina limene linalembedwa pakona. Paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi watha mnzanga Esinati, amene amachapa kwa azungu ku Area 10, anamva nkhani kwa abwana ake. A Armando atabwerera kwawo anamwalira, ndipo tsopano zojambula zawo zikulimbiranidwa kunja. Amene anakugulani anakakugulitsani ku Joni pa ndalama zoti n'kumangira nyumba ya malata.

Kumpingo kwathu kuli loya wina, ndiye ndinapita. Anandiuza kuti munthu amene amalipidwa kuti atchule mtengo wa chinthu ayenera kuchiyang'ana mosamala, ndipo ngati sachidziwa afunse odziwa. Anati mlandu wathu ndi wolimba.

Ndinafunsa kuti, "Nanga chithunzicho abweza liti?"

Anavula magalasi. "Chemwali, khoti likupatsani ndalama basi. Amene anagula sanalakwe, chithunzi chapita."

A Fredi ayamba kale kumanga nyumba m'mutu, afika pa denga. Ndawakumbutsa mawu anu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Sindikuwada, koma mtima ukundipweteka. Ku situdiyo munkakana kupita, ndiye chithunzi china chanu palibe.

Mu minibasi, pa msewu wa ku Kanengo, maganizo amanditenga. Ndimakuonani muli pakhoma loyera m'nyumba yopanda fumbi, anthu ovala bwino akuimirira patsogolo panu mwaulemu, akunong'onezana. Ndimadabwa ngati kumeneko kumazizira, ngati alipo amakupukutani. Mwina mukuwaseka mumtima kuti sakudziwa zoti dzana lomweli munkatchinga mphepo ndi udzudzu. Kondakitala akandigwedeza ndimapeza ndapitirira siteji.

Mlandu ulowa Lachiwiri. Loya akuti ndikafotokoze mmene chithunzicho chinalili, ndipo mawu aliwonse akalembedwa m'buku la khoti, limene silitayidwa. Nditamva zimenezo ndinapuma. Ndiye ndikuyeserera posankha fodya: duku yachikasu yomangira kutsogolo, diso lamanzere locheperako, milomo ya munthu amene akubisa kuseka, ndi mphini zitatu pa tsaya.

Koma amayi, pa tsaya liti? Dzulo ndinati lamanja, lero mtima ukuti lamanzere. A Fredi sakukumbuka n'komwe kuti munali ndi mphini. Chaka chimodzi chokha chimwalirireni inu, nkhope yanu yayamba kale kundithawa, ndipo ndikuchita mantha.

Ndikulonjeza kuti ndikalankhula pang'onopang'ono, woweruza atope ngati atope, mpaka alembe zonse. Inu mungondikumbutsa za tsayalo Lachiwiri lisanafike.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube