Tambala Akudikira ku Chipata

Al Rigga, Dubai
9 Malichi 2021

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumbako ndi abale onse ku Mchinji. Ndinamva kuti mliri unavuta kwambiri kwathu mu Januwale, moti foni ndinkaitsegula ndi mantha. Ine ndili bwino. A Mwenda, amuna anga, anadwala matendawa koma achira.

Papita zaka zitatu tisanalankhulane, ndipo wolakwa ndine. Ndiyambe ndi chimene chandikakamiza kulemba, kuti musadzati ndinabisa. Nditapita ku America ngati mkazi wa a Mwenda, omwe ndi nzika ya kumeneko, boma linandipatsa khadi la zaka ziwiri zokha, ndipo likutha mu Juni. Kuti andipatse lokhazikika, tiyenera kusonyeza kuti ukwati wathu ndi weniweni, osati wongofunira mapepala. Kukhalitsa kwathu kuno kwawonjezera vuto. Kampani inawatumiza kuno ku Dubai kwa miyezi itatu, ndege zinaima, ntchito inatalika, kenako matenda. Boma likakana, iwo ali ndi ufulu wobwerera, ine ayi.

Loya wathu wa ku America, amene timaonana naye pa kompyuta, anapempha zithunzi. Tinamutumizira zonse zisanu ndi chimodzi. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati tili pachibale. Malume, pa chithunzi chilichonse taima ngati a kwaya, manja kumbuyo, pakati pathu mpata woti mbuzi n'kudutsa. Anapempha mauthenga a pafoni, napeza kuti sindinawatchulepo dzina lawo loyamba, ndimangolemba kuti "A Mwenda, mwadya?" Ndinayesa kufotokoza kuti umu ndi mmene munatilerera, koma Chingerezi chonse cha ku yunivesite chinandithawa. Pomaliza anafunsa kuti abale anga ali kuti pa chithunzi cha ukwati. Mboni zathu kwa DC ku Lilongwe zinali mnzanga wa kusukulu ndi woyendetsa takisi amene anatibweretsa.

Tsopano akufuna makalata awiri olumbira ochokera kwa anthu odziwa banja lathu, imodzi ikhale ya m'bale wanga. Inayo walemba Florah, mtsikana wa ku Dedza amene amalera ana ku Sports City ndipo timapemphera limodzi. Nditamuuza kuti ndikuopa kukulemberani, anaseka.

"Yalla, fulumira, lembera amalume ako," anatero, akusakaniza Chiarabu cha kuno. "Akakukalipira, khalas, basi, wakalipiridwa. Kodi mawu amaboola khungu? Madigiri onsewo, mtima ngati wa nkhuku."

Mukukumbuka tsiku lija pakhonde panu, pamene munandifunsa kuti, "Edinah, ukukwatiwa ndi munthu kapena ndi pasipoti?" Sindinayankhe, ndipo munayesa kuti ndi mwano. Zoona zake n'zakuti sindinkadziwa. Ndinali nditakhala zaka zinayi ndi digiri popanda ntchito. A Mwenda anali munthu wabwino, koma sindinkatha kusiyanitsa chikondi ndi kutopa. Chinkhoswe ndinachithawa poopa kuti mudzandiyang'ana m'maso n'kuona chimene ineyo sindinkafuna kuona.

Mu Januwale a Mwenda anawagoneka m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi anayi, osalola aliyense kukawaona. Ndinkachapa malaya awo ochapa kale, n'kuwasita, n'kuwachapanso. Atachira m'pamene ndinazindikira kuti masiku onsewo khadi lija silinabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi.

Tsiku lowatulutsa tinaima panja pa geti akazi ambiri, aliyense atavala masiki, ambiri titafundanso kumutu chifukwa cha mphepo. Magalasi a amuna anga anali atasweka m'chipatalamo. Namwino akuwakankha panjinga, iwo analoza ndi chala.

"Uja ndiye wanga," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Chipata.

Nditafika pafupi ndinawafunsa kuti andidziwa bwanji.

"Iwe, nakuona kudala, kalekale. Ni ndani winangu amene amagwira chigongono monga ali na mlandu?"

Ndinakumbukira chinkhoswe cha mwana wanu Esther, pamene munafunditsa atsikana zitenje ndipo mkamwini anaphonya kawiri, anthu n'kugwa ndi phwete. A Mwenda sanaphonye. Mwina ndikudzinamiza, poti ndimatero nthawi zina, koma ndikuganiza kuti funso lanu lija ndingaliyankhe tsopano.

Sindikukupemphani kuti mulumbire pa chinthu chimene simunachione. Ndikukudziwani, simungatero, ndipo ndikanachita manyazi mukanatero. Ndikupempha kuti muyambe mwachiona. Achimwene awo a Mwenda, a Elliot a ku Chipata, avomera kukhala nkhoswe ya kuchimuna. Anagula kale tambala mu Febuluwale, ndipo akuti akuwadzutsa m'bandakucha pamodzi ndi anansi onse. Akungodikira mawu anu kuti akayezetse matendawa, awoloke malire, adzagwade pakhomo panu. Ife tidzakhalapo pa foni, mudzatione nkhope ndi kutifunsa chilichonse. Mukakhutira, loya akufuna kalatayo Meyi asanathe. Mukapanda kukhutira, musalembe, ndipo sindipita kwa m'bale wina mwamseri. Njira imeneyo ndinaiyenda kale.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa Esther ndi amuna ake ophonya aja, ndi kwa ana onse. Muzivala masiki popita ku maliro, ngakhale anthu aziseka. Mukapita kukalambula manda a mlongo wanu, mukawauze kuti mwana wawo wabwerera pakhomo, ngakhale wabwera mochedwa.

Tambala alipo, Malume. Thadzi la mbali yathu sindingagule ndekha. Mwambo sulola, ndipo ndatopa ndi kudziimira ndekha.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Edinah,
amene mapepala okha ndiwo amamutcha Mayi Mwenda